Mafunso a Owerenga: Kuwala kwa Hayidirojeni Kochokera ku Milalang'amba Yoyambirira

Makalata anayi amene ndasankha mwezi uno achokera m'madera osiyana, koma onse akuzungulira nkhani imodzi imene inatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu Malichi 2025. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Joris Witstok linalengeza kuti telesikopu ya James Webb yaona kuwala kwa hayidirojeni, kwa mtundu wa ultraviolet, kochokera ku mlalang'amba (gulu lalikulu la nyenyezi zambirimbiri) wotchedwa JADES-GS-z13-1. Mlalang'amba umenewu tikuuona monga unalili chilengedwe chili ndi zaka 330 miliyoni zokha, pamene lero chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Chilengedwe chikanakhala gogo wa zaka 84, ndiye kuti tapeza chithunzi chake ali mwana wa zaka ziwiri. Makalatawo ndawafupikitsa, koma mafunso ndawasiya monga anafunsidwira.

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale. Ophunzira anga a Fomu 4 anaona nkhaniyi pa intaneti ndipo anandifunsa kuti munthu angadziwe bwanji kuti kuwala kochokera kutali chonchi ndi kwa hayidirojeni osati kwa chinthu china. Ndinawalonjeza yankho lomveka bwino, choncho ndikupempha thandizo lanu. Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Zikomo a Mphunzitsi, ndipo mukawauze ophunzira anuwo kuti afunsa pamene pagona nkhani yonse. Yankho lake likuyambira mu atomu ya hayidirojeni, imene ndi yosavuta kuposa ina iliyonse, chifukwa pakati pake pali pulotoni imodzi ndipo kunja kwake kuli elekitironi imodzi basi. Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anafotokoza kuti elekitironi imeneyi sikhala paliponse pamene yafuna, koma ili ndi malo ake oikika, ngati masitepe a makwerero, ndipo pakati pa sitepe ina ndi inzake palibe poponda. Ikalandira mphamvu imakwera, ndipo ikamatsika imabweza mphamvuyo monga kuwala. Popeza masitepewo ndi amodzimodzi mu atomu iliyonse ya hayidirojeni, kaya ili mu labotale, kaya ili pa dzuwa, kaya ili kumalekezero a thambo, kuwala kumene imatulutsa potsika kumakhala kwa muyeso umodzi nthawi zonse.

Mipata ya makwerero amenewa si yofanana. Mpata woyamba ndi waukulu kwambiri, moti kuchoka pa sitepe yapansi kufika pa yachiwiri kumadya magawo atatu mwa magawo anayi a mphamvu yonse imene ingafunike kuti elekitironi ichotsedweretu mu atomu. Elekitironi ikagwa kuchoka pa sitepe yachiwiri kubwerera pansi, imatulutsa kuwala kwamphamvu kumene funde lake ndi lotalika mananomita 121.6. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa zidutswa 1 miliyoni, choncho mafunde mazana angapo otere angakwane m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Maso athu amaona mafunde oyambira mananomita pafupifupi 400 kufika 700, ndipo kuwala kumeneku kuli kutali ndithu kuseri kwa malire amenewo, m'chigawo cha ultraviolet. Kumatchedwa Lyman-alpha, potengera dzina la Theodore Lyman wa ku yunivesite ya Harvard, amene anayamba kupeza mizere ya hayidirojeni ya m'chigawo chimenechi mu 1906.

Ndanena kuti mizere chifukwa umu ndi mmene akatswiri amakuonera. Kuwala kukadutsa m'galasi la makona atatu kumagawika mitundu ngati utawaleza, ndipo makina a mu telesikopu amachita zomwezo mwaluso kwambiri, kenako n'kuyeza kuchuluka kwa kuwala pa mtundu uliwonse. Pamene pali Lyman-alpha pamaoneka kamzere kowala kuposa malo oyandikana nawo. Komabe kamzere kamodzi pakokha kakhoza kunamiza munthu, chifukwa mlalang'amba wapafupi ukhoza kuonetsa mzere wa okosijeni pamalo omwewo, ndipo akatswiri agwapo m'mbuna imeneyi. N'chifukwa chake amayang'ananso maonekedwe ake. Mzere wa Lyman-alpha wochokera kutali umakhala wopendekeka, mbali ya mafunde aafupi yodulidwa ngati ndi mpeni ndipo mbali inayo yotsetsereka pang'onopang'ono. Kuwonjezera apo, kuwala konse kwa mlalang'ambawo kumazimiririka mwadzidzidzi kuseri kwa mzerewo, popeza hayidirojeni wa m'njira wakumeza. Mzerewo ndi kuzimiririka kumeneku zikapezeka pamalo amodzi, monga zinapezekera pa JADES-GS-z13-1 ataupima ndi makina a NIRSpec, kukayika kumachepa kwambiri.

Ophunzira anu adzafunsanso kuti n'chiyani chimakweza ma elekitironiwo, ndipo apa ndi pamene nyenyezi zikulowera. Mlalang'amba ukamabala nyenyezi zatsopano, zochepa mwa izo zimabadwa zikuluzikulu, zolemera kuwirikiza dzuwa ka 20 kapena kuposa, ndipo pamwamba pake pamatentha kupitirira madigiri 30,000, pamene pa dzuwa lathu pamatentha madigiri pafupifupi 5,500. Nyenyezi zoterezi zimatulutsa kuwala kwa mafunde aafupi kuposa mananomita 91.2, kumene kuli ndi mphamvu yokwanira kuthothola elekitironi mu atomu ya hayidirojeni. Elekitironi yothotholedwayo imayendayenda mpaka itakumana ndi pulotoni ina, imagwidwa, ndipo imatsika masitepe aja. Pa maulendo atatu aliwonse otere, pafupifupi awiri amathera m'kutulutsa Lyman-alpha. Chofunika kuchigwira ndi chakuti nyenyezi zikuluzikuluzi sizikhalitsa. Zimatha m'zaka mamiliyoni ochepa chabe, pamene dzuwa lidzakhala zaka pafupifupi 10 biliyoni. Choncho mlalang'amba umene ukuwala kwambiri mu Lyman-alpha kawirikawiri ukutiuza kuti panthawi imene kuwalako kunkanyamuka, nyenyezi zinali kubadwa mmenemo.

Ngati mukufuna kuwaonetsa ophunzira chitsanzo ndi maso awo, atulutseni panja usiku wopanda mwezi mu Disembala kapena Januwale, mitambo ikapereka mpata. Apeze nyenyezi zitatu zondondozana za Akamwiniatsatana, kenako ayang'ane kamzere kena kakang'ono ka nyenyezi kamene kali chapambali pake. Pakati pa kamzereko pali kachinthu kooneka ngati kautsi. Umenewo ndi mtambo wa Orion, umene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 1,350 kuti kutifike, ndipo mkati mwake nyenyezi zazing'ono pa msinkhu koma zotentha koopsa zikuchita kwa hayidirojeni zimene ndafotokozazi. Kufiira kumene kumaoneka pa zithunzi za mtambowu kumachokera pa elekitironi yotsika kuchoka pa sitepe yachitatu kufika pa yachiwiri, ndipo sitepe yotsatira imene elekitironiyo imatsika, maso athu osaona, kawirikawiri imatulutsa Lyman-alpha.

Funso: Tinaphunzira kuti mpweya wozungulira dziko lapansi umatchinga kuwala kwa ultraviolet kwamphamvu. Koma ndawerenga kuti telesikopu ya James Webb isanapite kumwamba, matelesikopu a pansi pano ankaona kale kuwala kwa Lyman-alpha. Kodi zimenezi sizikutsutsana? Wophunzira pa koleji, Chipata.

Yankho: Zimene munaphunzirazo n'zoona, ndipo zimene mwawerengazo n'zoonanso. Lyman-alpha wochokera ku dzuwa lathu safika pansi pano, amathera m'mwamba kwambiri. Ngakhale zili choncho, ambiri a ife tinamvapo zotsatira zake ndi makutu athu osadziwa. Amene tinakula tikumvera wailesi pa medium wave timakumbukira kuti masana inkangogwira nyumba zoulutsira mawu zapafupi, koma dzuwa likalowa mawu a kumayiko akutali ankayamba kumveka. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu n'chakuti masana Lyman-alpha wa dzuwa amathothola ma elekitironi mu mpweya wa nitric oxide pa mtunda wa makilomita 60 mpaka 90 kuchokera pansi, ndipo chigawo chimenechi chimameza mafunde a wailesi. Usiku chimasungunuka, ndipo mafundewo amakafika pa zigawo zapamwamba zimene zimawabweza pansi kutali. Kuti munthu aone Lyman-alpha wapafupi ayenera kutuluka kunja kwa mpweya wathu, monga inachitira kamera ya George Carruthers imene oyenda m'chombo cha Apollo 16 anaiimika pa mwezi mu 1972, n'kujambula mtambo wa hayidirojeni wokuta dziko lapansi.

Kuwala kwa milalang'amba yakutali kumafika kutasintha, ndipo apa ndi pamene kutsutsanako kumathera. Tengani mphira wa legeni, mulembepo timizere ndi bolopeni motalikirana sentimita imodzi, kenako muukoke. Timizere tija timatalikirana, ngakhale palibe kamene kachoka pamalo pake pa mphirapo. Chilengedwe chikufutukuka mofanana ndi mphirawo, ndipo funde la kuwala limene likuyenda mmenemo limatambasuka nacho limodzi. Kuwala kumene kunanyamuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni kwatambasuka kanayi, moti funde la mananomita 121.6 limafika kuno lili pafupifupi 486, mtundu wobiriwira chakumtambo umene umadutsa mpweya wathu bwinobwino. Kumene kunanyamuka chilengedwe chisanakwanitse zaka 1 biliyoni kwatambasuka ka 7, ndipo kumafika pa mananomita pafupifupi 850, kuseri pang'ono kwa kufiira. Kwa JADES-GS-z13-1 kwatambasuka ka 14, kufika pa mananomita pafupifupi 1,700, mkati mwa infrared, kuwala kosaoneka ndi maso kwa kuseri kwa kufiira, chigawo chimene telesikopu ya James Webb inapangidwira. Choncho malo amene mzerewo wafikapo amatiuza kuti chilengedwe chafutukuka kangati chinyamukire kuwalako, ndipo kuchokera pamenepo akatswiri amawerengera zaka.

Nzeru yofufuza milalang'amba yoyambirira pogwiritsa ntchito mzere umenewu si yatsopano. Bruce Partridge ndi Jim Peebles, ali ku Princeton, analemba mu 1967 kuti milalang'amba yaing'ono pa msinkhu iyenera kuwala kwambiri mu Lyman-alpha, ndipo kuti kutambasuka kwa kuwala kudzabweretsa mzerewo pamene matelesikopu a pansi angauone. Maganizo awo anali olondola, koma panapita zaka pafupifupi 30 anthu akufufuza popanda chogwirika chenicheni. Mbali ina vuto linali kuchepa mphamvu kwa zipangizo za nthawi imeneyo. Mbali ina linali khalidwe la kuwala kumeneku, limene ndikufuna mulimvetse bwino chifukwa funso lotsatira latsamira pomwepo.

Atomu ya hayidirojeni imene elekitironi yake ili pa sitepe yapansi imalandira msanga kuwala kwa muyeso womwewo umene imatulutsa. Choncho Lyman-alpha akangobadwa, atomu yoyandikana nayo imamugwira, n'kumutulutsanso kulowera kwina, ina n'kumugwiranso, ndipo zimenezi zimatha kuchitika maulendo masauzande, mwinanso mamiliyoni, asanatuluke mu mlalang'amba. Amene anayendapo pa msewu wa ku Thyolo m'nyengo ya chiperoni amadziwa mmene nyali za galimoto yobwera kutsogolo zimaonekera mu nkhungu: nyali zenizenizo simuziona, mumangoona chimpira chachikulu cha kuwala kofooka. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhungu yathu imamwaza mitundu yonse, pamene hayidirojeni amasankha muyeso wake wokha, ina yoyandikana nayo n'kuileka idutse. Ulendo wokhotakhota chotere ndi wautali, ndipo ulendo ukatalika mwayi wogundana ndi kanjere ka fumbi umakula. Fumbi likagwira kuwalako silikubweza monga Lyman-alpha, limangofunda nako. N'chifukwa chake milalang'amba yambiri imene ikubala nyenyezi zochuluka imaonetsa mzerewu mofooka, kapena osauonetsa n'komwe. Imene imauonetsa bwino kawirikawiri ndi yaing'ono, ya fumbi lochepa, kapena imene mphepo yochokera ku nyenyezi zake ikukankhira mpweya kunja pa liwiro la makilomita mazana angapo pa sekondi, n'kutsegula njira.

Zinthu zinasintha mu 1998, pamene Len Cowie ndi Esther Hu anagwiritsa ntchito telesikopu ya Keck, ya galasi la mamita 10, imene ili pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii. Njira yawo inali yomveka: jambulani thambo kudzera mu sefa imene imalola kagawo kakang'ono chabe ka utawaleza kudutsa, kenako mujambulenso malo omwewo ndi sefa yotakata. Kadontho kamene kakuwala pa chithunzi choyamba koma n'kofooka pa chachiwiri kali ndi mzere wamphamvu pamuyeso umenewo. Telesikopu ya Subaru ya dziko la Japan, imene ilinso pa phiri lomwelo, inapititsa ntchitoyi patsogolo n'kupeza milalang'amba yotere masauzande ambiri, ndipo mu 2006 gulu la Masanori Iye linalengeza za IOK-1, wa nthawi imene chilengedwe chinali chisanafike zaka 800 miliyoni. Chimpira cha kuwala chija nachonso chinaoneka. Mu 2018 gulu la Lutz Wisotzki, pogwiritsa ntchito makina a MUSE pa telesikopu ya ku Paranal m'dziko la Chile, linaonetsa kuti milalang'amba yakutali imazunguliridwa ndi kuwala kofooka kwa Lyman-alpha kotambalala kuposa milalang'ambayo kangapo, moti kukaphatikizidwa kumakuta pafupifupi thambo lonse la pamalo amene anayang'anapo.

Funso: Ine ndinapuma pa ntchito ndipo ndimakonda kuwerenga za kumwamba. Chimene sindikumvetsa n'chakuti akatswiri akuti anadabwa ndi zimene telesikopuyi inaona. Ngati mlalang'ambawo uli ndi nyenyezi zatsopano ndiponso hayidirojeni, chodabwitsa n'chiyani kuti ukutulutsa kuwala kwa hayidirojeni? Ndaonanso ena akulemba kuti zimenezi zagwetsa chiphunzitso cha Big Bang. Bambo wopuma pa ntchito, Zomba.

Yankho: Bambo, mwalondola kuti kutulutsa kuwalako si kodabwitsa. Chodabwitsa n'chakuti kunatifika. Kuti zimveke, ndiyenera kubwerera kuchiyambi.

Chilengedwe chili chakhanda chinali chotentha kwambiri moti ma pulotoni ndi ma elekitironi sankatha kugwirana. Patapita zaka pafupifupi 380,000, kutentha kutatsika kufika madigiri pafupifupi 3,000, anagwirana n'kupanga maatomu athunthu a hayidirojeni, amene anadzaza paliponse. Kunalibe nyenyezi ngakhale imodzi. Kwa Lyman-alpha, mpweya wa maatomu athunthu woterewu ndi nkhungu yochindikala, pa chifukwa chimene ndafotokozera wophunzira wa ku Chipata. Koma lero mpweya wa pakati pa milalang'amba si wotero, pafupifupi wonse ndi wothotholedwa ma elekitironi, ndipo pulotoni yopanda elekitironi ilibe makwerero, choncho singagwire kuwala kumeneku. Ndiye kuti pakati pa nthawi ziwirizi panachitika chinthu chachikulu: nyenyezi ndi milalang'amba yoyambirira inathothola ma elekitironi mu mpweya wa chilengedwe chonse. Akatswiri amatcha nyengo imeneyi reionization. Sizinachitike paliponse nthawi imodzi. Mlalang'amba uliwonse unkalambula bwalo lake pakati pa nkhungu, monga mabanja otsegula minda m'tchire, aliyense pake, mpaka minda ija itakula n'kukumana malire ndipo tchire latsala m'timagawo tochepa.

Funso lakuti nkhunguyo inayera liti layankhidwa makamaka ndi Lyman-alpha yemweyu, poona pamene akupezeka ndi pamene akusowa. Mu 1965 James Gunn ndi Bruce Peterson anasonyeza kuti ngati pakati pa ife ndi quasar yakutali pali maatomu athunthu a hayidirojeni, ndiye kuti kuwala kwa quasar imeneyo kuyenera kuzimiratu kuseri kwa mzere wa Lyman-alpha. Quasar ndi pakati pa mlalang'amba pamene black hole yaikulu (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) ikumeza mpweya ndipo mpweyawo ukuwala koopsa, choncho imagwira ntchito ngati tochi yowunikira zonse zimene zili m'njira. Pa ma quasar amene ankadziwika nthawi imeneyo kuzima kotero kunalibe, kutanthauza kuti njira inali yoyera kale. Kunadzaoneka mu 2001, pamene Robert Becker ndi anzake anapima quasar yopezedwa ndi kafukufuku wa Sloan, ya nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 900 miliyoni. Muyeso umenewu ndi wachangu kugwira, moti ngakhale atomu yathunthu imodzi pa 10,000 alionse ikukwana kuzimitsa kuwalako. Choncho umatiuza bwino za mathero a nkhungu, amene anafika chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 1 biliyoni, koma za chiyambi ndi pakati pake sunena zambiri.

Pamenepo ndi pamene milalang'amba yowala mu Lyman-alpha inathandiza. Akatswiri atawerenga kuti pa milalang'amba yobala nyenyezi ndi ingati imene ikuonetsa mzerewu, anapeza kuti chiwerengero chimakwera munthu akamayang'ana m'mbuyo, mpaka kufika nthawi ya zaka pafupifupi 1 biliyoni, zimene n'zomveka popeza milalang'amba yakale inali ndi fumbi lochepa. Koma kupitirira pamenepo chiwerengerocho chimatsika msanga. Milalang'amba ilipo, nyenyezi zake zikuoneka, koma mzere uja wasowa. Kufotokoza kosavuta n'kwakuti tafika m'nyengo imene nkhungu inali isanayere. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene chombo cha Planck chinayeza m'njira yosiyana kotheratu, zosonyeza kuti ntchito yolambulayi inali pakati chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 700 miliyoni.

Tsopano mukhoza kuona pamene panachokera kudabwa. Pa zaka 330 miliyoni nkhungu inayenera kukhala yochindikala pafupifupi paliponse, koma mzere wa JADES-GS-z13-1 unatuluka wowala bwino. Sunali woyamba kuswa chiyembekezo chimenechi. Mu 2015 telesikopu ya Keck inaona Lyman-alpha wa mlalang'amba wa EGSY8p7, wa zaka pafupifupi 600 miliyoni, ndipo mu 2023 James Webb inamuona mu GN-z11, wa zaka pafupifupi 430 miliyoni. Njira yopulumukira imadziwika. Ngati mlalang'amba walambula bwalo lalikulu mokwanira, kuwalako kumayenda m'bwalomo popanda choletsa, ndipo pamene kukuyenda chilengedwe chikufutukuka ndi kukutambasula pang'ono. Kukamafika pamalire a nkhungu funde lake silikhalanso mananomita 121.6 enieni, latalika pang'ono, ndipo maatomu a kumeneko sakulizindikiranso ngati lawo, amalileka lidutse. Choncho mzere umene tauonawo ndi umboni wa bwalo, ndipo kuti bwalo likwane liyenera kukhala lotambalala mtunda umene kuwala kumayenda kwa zaka masauzande mazana angapo.

Chimene chikufunika kufotokozedwa ndi mmene kamlalang'amba kakang'ono kanalambulira bwalo lotere mofulumira chonchi. Gulu la Witstok linapereka njira ziwiri: mwina muli nyenyezi zikuluzikulu ndi zotentha kuposa zimene timaziona masiku ano, kapena pakati pake pali black hole imene ikumeza mpweya. Palinso phunziro lochokera ku kafukufuku wa Callum Witten ndi anzake wa mu 2024, amene anapeza kuti milalang'amba ya m'nyengo ya nkhungu imene inkaoneka ngati ili yokha pa zithunzi za telesikopu ya Hubble ili ndi inzake yaing'ono pafupi kwambiri, ndipo mabwalo a oyandikana amatha kuphatikizana.

Pa zakuti chiphunzitso cha Big Bang, chonena kuti chilengedwe chinayamba chotentha kwambiri n'kumafutukuka, chagwa, Bambo, ndikupemphani musazitengere. Zaka 330 miliyoni zimene olembawo akutchula zinawerengedwa pogwiritsa ntchito kufutukuka kwa chilengedwe komweko kumene akuti kwagwa, ndipo nkhungu imene ikuchititsa kuti nkhaniyi ikhale yodabwitsa ndi mbali ya chiphunzitso chomwecho. M'kuona kwanga, chimene mlalang'ambawu wasuntha ndi tsiku loyambira kulambula, komanso watsimikizira kuti ntchitoyo inali ya apa ndi apo. Ndikuonanso kuti tiyenera kudekha ndi mlalang'amba umodzi. Telesikopu imayamba kuona zowala ndi zachilendo, ndipo munda umodzi wolambulidwa msanga sutiuza kuti tchire lonse linali lotani. Chimene chidzalemera kwambiri ndi kuwerenga milalang'amba yambiri ya msinkhu womwewo, ndi kulemba mosamala imene mzerewu ukusowa, chifukwa kusowa kwake kumanena za nkhungu mofanana ndi kupezeka kwake.

Funso: Zonse zimene mumalemba za kumwamba zimatchula Hawaii, Chile ndi America. Kodi kuno ku Africa kulibe chimene chikuchitika pa nkhani imeneyi? Mayi wa ku Malawi wokhala ku Johannesburg.

Yankho: Chilipo, Mayi, ndipo chili m'dziko lomwe mukukhalamo. Lyman-alpha amatiuza za nkhungu ija mozungulira, poona pamene watsekeredwa. Koma maatomu athunthu a hayidirojeni ali ndi kuwala kwina kwawokwawo, kwa mtundu wa mafunde a wailesi, kotalika masentimita 21, ndipo amene angakugwire akhoza kujambula nkhungu yeniyeniyo pamodzi ndi mabwalo ake. Ku chipululu cha Karoo, m'chigawo cha Northern Cape, kuli telesikopu ya HERA, imene inakonzedwa kuti ikhale ndi mbale 350 za mamita 14 iliyonse, zoyang'ana kumwamba, ndipo ntchito yake ndi imeneyi. Zotsatira zimene gulu lake linafalitsa mu 2023 zinasonyeza kuti pofika zaka pafupifupi 450 miliyoni mpweya wa pakati pa milalang'amba unali utafundidwa kale ndi china chake, sunali wozizira monga ukanakhalira popanda nyenyezi. M'dera lomwelo muli MeerKAT, ya mbale 64, ndipo mukumangidwa gawo la ku Africa la telesikopu yaikulu ya SKA, imene Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko a ku Africa ogwirizana nayo. Gawo lake lina, lomvera mafunde aatali a nyengo ya nkhungu, likumangidwa kumadzulo kwa Australia.

Mitundu iwiri ya kuwalayi ndi yolumikizana kuposa mmene munthu angaganizire. Siegfried Wouthuysen mu 1952 ndi George Field mu 1958 anasonyeza kuti Lyman-alpha akamagwidwa ndi kutulutsidwanso mu nkhungu, amasintha mkhalidwe wa maatomuwo m'njira imene imachititsa kuti chizindikiro cha masentimita 21 chiyambe kuoneka. Ndiye kuti chizindikiro choyamba cha nyenyezi zoyambirira pa mafunde a wailesi chimadzutsidwa ndi kuwala kwa ultraviolet kumene takambirana m'makalata onsewa.

Kutambasuka kuja kumagwiranso ntchito pano. Funde la masentimita 21 limene linanyamuka m'nthawi ya JADES-GS-z13-1 latambasuka ka 14, ndipo likufika kuno lili lotalika pafupifupi mamita atatu, pa mamegahezi pafupifupi 101. Imeneyi ndi nambala imene mumaiona pa wailesi yanu ya FM, pakati pa 88 ndi 108, ndipo nyumba youlutsira mawu imodzi yokha ikukwana kukwirira chizindikiro chofookacho kotheratu. N'chifukwa chake dziko la South Africa linakhazikitsa lamulo mu 2007 loteteza dera la Karoo ku phokoso la mafunde a wailesi, ndipo alendo opita kukaona matelesikopuwo amauzidwa kuzimitsa mafoni awo asanafike pamalopo.